Mukamadwazika Munthu Wotupa Kapamba, Diso Lina Likhale pa Mtima

Mlamu wanga anandiimbira foni cha m'ma 11 koloko usiku. "Alamu, achimwene anu akugubuduka pansi kuno. Akuti m'mimba." Ndinafunsa chimene adya. Anati achokera ku ukwati, kumene anadya nyama yonona, mowa nawo akutsirira kuyambira masana. Ine, amene ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zoposa 20 ndisanapume, ndinayankha ndili m'bulangete: "Ndi zilonda za m'mimba zija. Apatseni Magnesium, ndifika mawa."

M'mawa mwake ndinawapeza atakhala pamkeka, atakumbatira mawondo, chidebe cha masanzi chili pambali. Akati agone chagada ankakuwa. Dzanja lawo linali zii, pachipumi thukuta khathikhathi. Nditagwira mtsempha wa pamkono ndinawerenga ka 124 pa mphindi imodzi. Manyazi anandigwira pomwepo, chifukwa munthu ameneyu ndinkamudziwa kuti amamwa mankhwala a BP, ndipo adokotala anali atamuuzapo kuti mtima wake wayamba kufooka. Kuchipatala anapeza kuti kapamba watupa mwadzidzidzi, matenda amene m'mafailo amalemba kuti acute pancreatitis. Tinakhala m'wodi masiku 9, ndipo chimene chinatsala pang'ono kuwatenga si ululu wa m'mimba uja ayi, koma mtima.

Tigwirizane kaye za dzinali. Mawu akuti kapamba timawagwiritsa ntchito pa ziwalo ziwiri. Pali kapamba wa kumanzere pansi pa nthiti, amene amatupa mwana akamadwaladwala malungo. Ameneyo si amene ndikunena. Ndikunena uja madokotala amati pancreas, wotalika pafupifupi masentimita 15, amene wagona mopingasa kuseri kwa chifu, kufupi ndi msana. Ndi amene amapanga insulin, amene amachepetsa shuga m'magazi, komanso timadzi togaya chakudya, makamaka mafuta. Timadzi timeneti timayenera kuyamba ntchito tikafika m'matumbo. Tikayamba tidakali m'kati mwa kapamba, timagaya mwini wake. Nthawi zambiri choyambitsa chimakhala timiyala ta m'ndulu totseka njira, kapena mowa. Mafuta a m'magazi otchedwa triglycerides akachuluka kwambiri amayambitsanso, ngakhale njoka za m'mimba zikakwera n'kulowa m'njira ya ndulu.

Musataye nthawi kuweruza kunyumba

Ululu wa kapamba umakhala pamwamba pa mchombo, pansi pomwe nthiti zakumana. Umaboola mpaka kumsana, susiya, ndipo umachepako munthu akakhala tsonga n'kuweramira kutsogolo. Amasanza koma osapeza bwino. Ululu wa mtima, pamene mtsempha wodyetsa mtima watsekeka, nthawi zambiri umakhala ngati wina wakusanjika thumba la chimanga pachifuwa, n'kumafalikira kudzanja lamanzere, kukhosi kapena kunsagwada. Mabuku amasiyanitsa choncho. Koma m'wodi ndaona anthu amene mtima wawo unatsekeka cha kumunsi akubwera atagwira pamimba, akusanza, akuti ndi chilungulira. Izi zimachitika kawirikawiri kwa azimayi, okalamba ndi odwala shuga. Chilonda cha m'mimba chikaboola, nachonso chimapweteka pamalo omwewo.

Ndiye ntchito yanu si kudziwa kuti ndi chiti. Munthu akamva ululu woopsa pamenepo kwa mphindi zoposa 15 kapena 20, makamaka ngati akutuluka thukuta lozizira, akubanika, akuchita chizungulire akaimirira, pezani galimoto. Usiku ndi usiku, musadikire kuche ngati mmene ndinachitira ine.

Podikira galimotoyo musamupatse Brufen, Indocid kapena diclofenac. Thupi likauma mankhwala amenewa amapweteka impso, ndipo kwa wofooka mtima amasungitsa madzi m'thupi. Aspirin amathandiza ngati ndi mtima, koma ngati ndi chilonda chotuluka magazi amaonjezera vuto, choncho ululu ukakhala wa pamimba asiyireni achipatala aone okha. Zitsamba zosanzitsa kapena zotsegula m'mimba zimangomaliza timadzi tomwe tatsala. Musamukakamize phala. Longedzani buku lake la kuchipatala ndi timapepala tonse ta mankhwala amene amamwa, ngakhale tokutha, muike m'jumbo imodzi. Tengani kope ndi cholembera. Foni ikhale ndi moto, chifukwa ndiyo ikhale wotchi yanu.

Zonena mukafika

Odwazika ambiri amayamba nkhani kuchokera kutali, za maliro a mwezi watha, za mvula imene inamunyowetsa. Pamzere wautali, adokotala amafuna mfundo zinayi kapena zisanu basi: ululu unayamba nthawi yanji, uli pati, wasanza kangati, wakodza komaliza liti, amamwa mankhwala anji. Kenako nenani momveka, osadikira kufunsidwa: "Munthuyu ali ndi vuto la mtima." Mawu amenewa amasintha kuchuluka kwa dripi imene amuike.

Za mowa nenani zoona. Achimwene atafunsidwa anati, "Ndimangolawa pang'ono, adokotala." Mlamu anayang'ana pansi. Ine ndinawatsatira adokotala pakhonde n'kuwauza kuti kulawako ndi kwa tsiku ndi tsiku, ndipo kumapeto kwa mwezi ndalama ikatha kumakhala kachasu. Sikunali kuwayalutsa. Munthu wozolowera mowa akausiya mwadzidzidzi, pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amanjenjemera, mtima umathamanga, mutu umasokonekera, ena amakomoka. Achipatala akadziwiratu amakonzekera, komanso sasokoneza zimenezi ndi kukula kwa matenda a kapambawo.

Ngati chipatalacho chili ndi makina a ECG, funsani mwaulemu ngati angamujambule mtima, ndipo ululu ukapitirira ajambulenso patapita nthawi, chifukwa pepala loyamba likhoza kuoneka bwino pamene vuto lilipo. Apa pali msampha umene ngakhale madokotala amausamala. Kapamba akatupa, mizere ya ECG imasintha mwa odwala ambiri ngakhale mitsempha ya mtima ili yotseguka, ndipo mwa apo ndi apo imafanana ndendende ndi ya munthu amene mtima watsekeka. Troponin, chizindikiro cha m'magazi choti mnofu wa mtima wavulala, nayenso akhoza kukwera pang'ono. Kuopsa kwake n'kwakuti wotsekeka mtima amapatsidwa mankhwala amphamvu osungunula magazi oundana, ndipo mankhwala omwewo akapatsidwa kwa wotupa kapamba angachititse magazi kutayikira m'mimba. N'chifukwa chake mukaona akuyeza zonse ziwiri, magazi a kapamba ndi a mtima, musati akuchedwetsa dala.

Kuti anene kuti ndi kapamba amafuna zinthu ziwiri mwa zitatu izi: ululu wa mtundu uja, lipase kapena amylase (timadzi ta kapamba tija) wa m'magazi wopitirira katatu malire ake, ndi sikani yoonetsa kutupako. Labu ya chipatala chaching'ono ikhoza kukhala yopanda zoyezera zimenezi, ndipo akakutumizani kuchipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central, pitani osazengereza. Nambala ya amylase isakuopseni kapena kukusangalatsani. Kukwera kwambiri sikutanthauza kuti matenda ndi aakulu, ndipo imatsika yokha pakapita masiku angapo ngakhale wodwala akuipiraipira.

Chifukwa chake mtima umalowa m'nkhani ya m'mimba

Kapamba akatupa, moto wake sukhala pamalo amodzi. Timitsempha ta magazi thupi lonse timayamba kuchucha ngati payipi yobooka. Madzi amachoka m'magazi n'kukadikha m'mimba, kuseri kwa matumbo, nthawi zina m'mphepete mwa mapapo, makamaka kumanzere. Akhoza kukhala malita angapo. Onjezanipo kusanza ndi kusamwa. Magazi oyenda m'mitsempha amachepa, ndiye mtima umathamanga kuti ochepawo afike paliponse. Mtima wa mnyamata umapirira liwiro limenelo masiku angapo. Mtima wa bambo wa zaka 58, wakhala ukulimbana ndi BP zaka zambiri, umatopa msanga. BP ikagwa, impso zimasiya kupanga mkodzo.

Palinso nkhani ya mchere wa m'magazi, osati wa m'ndiwo, koma potassium, magnesium ndi calcium, amene amayendetsa kagundidwe ka mtima. Potassium amatayika posanza, komanso ndi mapiritsi okodzetsa monga Lasix. Magnesium amakhala wochepa kale mwa anthu akumwa mowa. Calcium ndiye amatha modabwitsa: timadzi ta kapamba tikagaya mafuta ozungulira matumbo, calcium amamatirira ku mafutawo n'kupanga zinthu zoyera zonga sopo. Michere imeneyi ikachepa mtima umadumphadumpha, ndipo nthawi zina umasokonekera moopsa. Chizindikiro chimene gadiyani angachione ndi dzanzi kuzungulira milomo ndi kunsonga za zala, kapena kukokana kwa minofu. Achimwene tsiku lachitatu, nesi atawapopa lamba woyezera BP, zala zawo zinapindika zokha ngati akutsina mchere. Ndinadziwa kuti calcium watsika, ndipo magazi atayezedwa zinali zomwezo.

Odwala pafupifupi 8 mwa 10 alionse matendawa amawadutsa mopepuka, ndipo pakatha sabata amakhala akudya. Malinga ndi muyezo umene madokotala anaukonzanso mu 2012, wotchedwa Atlanta, matenda amatchedwa aakulu pamene mapapo, impso kapena kayendedwe ka magazi kalephera kwa maola oposa 48. Imfa zambiri zimachokera m'gulu limeneli. Choncho masiku awiri kapena atatu oyambirira si ogona tulo tofa nato.

Kope la gadiyani

M'wodi ya usiku nesi mmodzi amayang'anira mabedi ambiri. Sangaime pa bedi lanu maola onse. Inu mungathe. Jambulani mizere m'kope muja: nthawi, kugunda kwa mtima, kupuma, mkodzo, masanzi. Lembani maola awiri kapena atatu alionse.

Kugunda kwa mtima: ikani zala ziwiri pamkono, mbali ya chala chachikulu, muwerenge kwa masekondi 30 n'kuchulukitsa kawiri. Ngati ukudumphadumpha werengani mphindi yathunthu. Munthu wamkulu atapuma amakhala pakati pa 60 ndi 100. Chofunika kwambiri si nambala imodzi koma kumene ikulowera. Ikachoka pa 100 kufika 110 kenako 125, itanani. Mukamva kuti kagundidwe kasintha, kakuti gu, gugu, zii, gu, itanani ngakhale nambala ili yabwino. Dziwaninso kuti amene amamwa mankhwala a BP otchedwa atenolol kapena propranolol mtima wawo suthamanga ngakhale zinthu zitavuta, ndiye kwa iwo nambala yotsika isakupusitseni.

Kupuma: yang'anani chifuwa kapena bulangete likukwera ndi kutsika, osamuuza kuti mukuwerenga, chifukwa akadziwa amasintha kapumidwe. Pakati pa 12 ndi 20 pa mphindi ndi bwino. Kupitirira 24 ndi nkhani yokauza nesi.

Mkodzo ndiye mboni yosanama. Munthu wolemera makilogalamu 60 ayenera kutulutsa osachepera 30 ml pa ola. Kunena kwina, akatha maola 10 osadzaza botolo la Fanta la 300 ml, impso sizikulandira magazi okwanira. Ngati amuika payipi ya mkodzo, thumba lake lili ndi manambala, lembani musanataye. Ngati alibe, dulani botolo la pulasitiki muzimukodzetsamo. Zimachititsa manyazi kwa mlongo kuyeza mkodzo wa mchimwene wake, ndiye ntchito imeneyi ndinaisiyira mlamu, ine n'kumalemba.

Dripi musaikhudze

Usiku wachiwiri ndinapita kukagona pang'ono kumalo ogona magadiyani, mlamu n'kutsala pabedi. Cha m'ma 3 koloko anandidzutsa. Ndinapeza achimwene atakhala tsonga, manja atagwira m'mphepete mwa bedi, akupuma wefuwefu, m'chifuwa mukumveka ngati mphika wa phala ukuwira. Mitsempha ya m'khosi inali itatupa. Nditayang'ana m'mwamba ndinaona botolo la dripi, limene linaikidwa pakati pa usiku kuti liyende maola ambiri, lili mbee.

"Alamu, ndani watsegula apa?"

"Ndine, alamu. Imangoti tho... tho... Ndinaona kuti milomo yawauma, ndiye ndinati madzi alowe msanga. A bedi ilo anandionetsa potembenuza pake."

Sindinawakalipire, nthawi inalibe. Ndinatseka kagudumu kaja, n'kuthamangira nesi. Anawaika oxygen, adokotala anabwera n'kuwabaya Lasix, ndipo pofika m'mawa anali atakodza kwambiri, mpweya utabwerera. Mtima wawo wofooka uja unalephera kukankha madzi olowa mothamanga, ndiye anabwerera n'kudzaza mapapo.

Nkhani ya dripi pa matendawa ndi yovuta ngakhale kwa akatswiri. Madzi akachepa, impso zimafa ndipo kapamba amaola. Akachuluka, mapapo amamira. Pamene ndinkagwira ntchito tinkaphunzitsidwa kuti wotupa kapamba umuthire madzi ambiri, mwachangu. Mu 2022 panatuluka zotsatira za kafukufuku wotchedwa WATERFALL, wotsogoleredwa ndi dokotala wa ku Spain, Enrique de-Madaria, amene anachitika ku Spain, Italy, India ndi Mexico. Anamuimitsa asanathe, atangofika pa odwala 249, chifukwa mwa opatsidwa madzi ambiri mothamanga, 20.5 peresenti madzi anawachulukira m'thupi, pamene mwa opatsidwa mwapakatikati anali 6.3 peresenti, ndipo madzi ambiriwo sanachepetse kukula kwa matenda. Chimene chimandiopsa ine n'chakuti anthu ofooka mtima sanawalowetse n'komwe m'kafukufukuyu. Ngati zinatero kwa a mitima yabwino, nanga achimwene?

Ndiye botolo likamadontha pang'onopang'ono, mwina n'dala. Mukaona kuti laima, kapena latha, kapena pamkono patupa, kauzeni nesi. Mukaona wodwala akukana kugona chagada, akutsokomola thovu, mapazi kapena nkhope zikutupa, mukhazikeni tsonga, miyendo ilendewere, muitane nthawi yomweyo. Kubanika kukhozanso kubwera ndi kapamba yemweyo popanda dripi kuchuluka, koma kusiyanitsa zimenezo ndi ntchito ya adokotala.

Ululu nawo umathamangitsa mtima. Wodwala akamabuula musamuuze kuti alimbe mtima ngati mwamuna, kapempheni jakisoni. Morphine ndi pethidine, akaperekedwa ndi achipatala kwa masiku ochepa, sasandutsa munthu chidakwa cha mankhwala. Maantibayotiki ndiye musawaumirire. Kutupa kwa kapamba si kwa tizilombo, ndipo amaperekedwa pokhapokha pakaoneka kuti tizilombo talowererapo.

Za chakudya zinasinthanso. Kale tinkamana wodwala chakudya masiku ambiri kuti kapamba apume. Masiku ano, kusanza kukaleka ndipo ululu ukachepa, amamuyambitsa kudya msanga, ngakhale tsiku loyamba kapena lachiwiri. Adokotala akalola, yambani ndi phala lopanda majarini kapena nsinjiro, kenako mpunga, mbatata yophika, nsomba yowiritsa. Achibale obwera ndi chipisi cha pachiwaya ndi mang'ina muwathokoze, mudye ndinu panja.

Mankhwala a mtima ndi tsiku lotuluka

Apa ndi pamene ambiri amasochera. BP ikagwa m'masiku oyamba, adokotala amaimitsa mankhwala ena monga enalapril, HCTZ kapena Lasix, ndi metformin kwa odwala shuga, pofuna kuteteza impso. Musamupatse mobisa a m'jumbo muja poganiza kuti aiwala. Koma tsiku lotuluka musachoke musanafunse, botolo lililonse lili m'manja: awa ayambirenso liti, awa asiye, awa achepetse? Alembe m'buku. Ndaonapo anthu akubwerera m'wodi patatha milungu itatu miyendo itatupa ngati mitondo, chifukwa palibe anawauza kuti ayambirenso mapiritsi okodzetsa.

Mankhwala ena a BP, monga HCTZ ndi Lasix yemweyo, amatchulidwa m'gulu la amene mwa apo ndi apo amatupitsa kapamba. Zimachitika mwa anthu ochepa kwambiri, ndipo si chifukwa chosiyira nokha. Chimodzimodzi ma ARV: akale aja, didanosine ndi stavudine, ndiwo ankadziwika ndi vutoli. Amene mukumwa panopa musadumphitse, kambiranani ndi a kukiliniki.

Funsaninso chimene chinayambitsa. Ngati sikani yaonetsa timiyala m'ndulu, mankhwala ake enieni ndi opaleshoni yochotsa thumba la ndulu, ndipo matenda akakhala opepuka ndi bwino ichitike msanga, chifukwa kamwala kena kakhoza kutsekanso. Wodwala mtima amafunika kuunikidwa kaye asanamugoneke. Ngati ndi mafuta a m'magazi, amenewo ndi mdani wa mitsempha ya mtima yomwe, ndipo pali mankhwala ake. Ngati ndi mowa, palibe za kuchepetsa kapena kusintha kuchoka ku kachasu kupita ku wa m'mabotolo. Kapamba sasankha mtundu. Fodya nayenso achoke.

Pakatha miyezi itatu kayezetseni shuga, ndipo muzibwereza chaka chilichonse. Kapamba wovulala nthawi zina amalephera kupanga insulin wokwanira, shuga n'kubwera mwakachetechete patapita miyezi kapena zaka, ndipo shuga pamwamba pa BP ndi katundu wina pa mtima womwe uja.

Achimwene anatuluka ataonda, lamba atamuboola mabowo awiri atsopano. Kunyumba ndinawagulira sikelo ya pansi kuti azidziyeza m'mawa uliwonse akakodza, asanadye. Ndinawauza kuti akakwera makilogalamu awiri m'masiku atatu, amenewo ndi madzi osati kunenepa, apite kuchipatala tsiku lomwelo. Kope lija lili kwa mlamu, ndipo ndi amene amalembamo manambala a sikelo. Mwezi watha anandiimbira kuti shuga wa achimwene wapezeka wokwererako pang'ono, awauza kuti abwerenso Lachinayi asanadye kanthu.